Nyimbo za Bambo Ako Zimene Sindinalembe

Wongani mwana wanga,

Ana aweruka, ndatsala ndekha m'kalasi mwanga muno, ndipo iwe uli ku Edingeni kokatsanzika agogo ako. Ndaona kuti ndikulembere, chifukwa ine ndi iwe tikayamba kukamba za nyimbo sitifika patali. Iwe umanyamuka n'kutuluka, ine n'kutsala ndikuyankhula ndekha. Kalatayi ndiisiya pamtsamiro pako kuti uiwerenge lero ukabwera.

Mawa ukukwera basi ya ku Joni. Bambo ako aang'ono akupezera malo oimba kiyibodi kutchalitchi kwawo, ndipo sindikuletsa. Za pasipoti, za juzi ndi za anzako oyenda nawo takambirana kale, sindibwereza. Ndikufuna ndikuuze za ntchito imene ukupitirayo. Ndiyambe ndi kunena chimene sindinakuuzepo pamaso: kuimba umatha. Umamva nyimbo kamodzi pa wailesi, madzulo ake uli nayo m'zala. Ine ndatsogolera kwaya zaka zoposa makumi awiri koma zimenezo sindingathe. Zimene ndikudziwa ine ndinazidziwa polakwitsa, anthu akuona. Ndikuuza kuti iwe usakazilakwitse kuchilendo.

Ndinafika kuno ku Mzimba ndili mtsikana, nthawi ija sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Ndinachoka kwathu ku Dowa ndi sutikesi imodzi ndi kope la solofa limene ndinalemba ndili kumaphunziro a uphunzitsi. Chitumbuka sindinkadziwa ngakhale moni. Kutchalitchi atamva kuti mphunzitsi watsopanoyu amawerenga do re mi papepala, anandipatsa kwaya pa sabata yachitatu. Tsiku loyamba kuimba pamaso pa mpingo, ndinaima kutsogolo n'kutulutsa do kukhosi kwanga, pamene mawu anga a utsikana ankamva bwino. Vesi linayenda. Titafika pa kolasi, pamene nyimbo imakwera, amayi anayamba kulira ngati chitseko chosathira mafuta, kenaka n'kumasiya mmodzimmodzi. Tinamaliza anthu atatu, misempha ya m'khosi ili panja. Titatuluka anabwera mnyamata wina wa ku besi, kalipentala, n'kunena kuti, "Asambizgi, mwayambira pachanya chomene." Ataona kuti sindinamve anabwereza m'Chichewa chake chopindika chija: "Aphunzitsi, mwayambira m'mwamba chomene. Ife makwerero tinasiya kunyumba." Ndinamukwiyira masabata awiri. Ameneyo ndiye anadzakhala bambo ako.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti do alibe malo ake enieni. Umamuika pamene wafuna, ndipo manoti ena onse amamutsatira. Ukamuika m'mwamba, nyimbo yonse yakwera. Choncho usanapereke do, yamba wafufuza noti yokwera kwambiri m'nyimbomo ndi yotsika kwambiri, uone ngati anthu ako afikapo. Uli pa kiyibodi, ndiwe amene ukupereka do kwa mpingo wonse. M'mawa mawu a anthu amakhala asanatseguke, tsitsako. Amayi achikulire si ana a sukulu. Woyambitsa nyimbo akayamba yekha iwe usanadine, usamukokere kumene uli. Mufunefune mwakachetechete ndi chala chimodzi mpaka umupeze, kenaka ulowe. Usaiwale zimenezi, Wongani.

Tsopano za kabatani kako kaja ka thiransipozi. Ndikudziwa kuti nkhaniyi suifuna, koma werengabe. Nyimbo zonse umaziimbira mu F shapu, pa mabatani akuda, ndipo kiyi akasintha umangodina kabataniko kuti makina akusunthire. Kuno zimatheka chifukwa umaimba wekha. Kumene ukupitako udzakhala ndi wa gitala, wa besi, mwina ndi wa lipenga. Wa besi adzayang'ana zala zako kuti adziwe kiyi, ndiye zala zako zikunena F shapu pamene makutu ake akumva A. Tsiku lina mtsogoleri adzakweza nyimbo ili pakati, iwe dzanja lili kofufuza kabatani. Tsiku linanso adzakukhazika pa piyano yamatabwa, imene ilibe kabatani kalikonse.

Sizovuta monga umaganizira. Kuchoka pa batani lililonse kupita pa loyandikana nalo, kaya loyera kaya lakuda, ndi theka la sitepe. Ukalumpha limodzi, ndi sitepe yathunthu. Kuchoka pa do kupita pa re ndi yathunthu, re kupita pa mi yathunthu, koma mi ndi fa ndi oyandikana, theka. Kenaka zathunthu zitatu: fa so, so la, la ti. Pomaliza ti ndi do wam'mwamba, thekanso. Basi. Yambira paliponse, uwerenge motero, upeza do re mi yako. Ukayambira pa C, batani loyera lija lili kumanzere kwa akuda awiri, sukhudza lakuda ngakhale limodzi. Ukayambira pa G ukhudza limodzi, ukayambira pa F limodzinso. Malo oyambira alipo khumi ndi awiri. Ukamatenga kiyi mmodzi pamwezi, chaka chikamatha wawadziwa onse. Makodi umawaimba kale, mayina okha ndiwo sudziwa: do mi so, fa la do, so ti re, ndi ija imamveka yachisoni, la do mi. Uziwatchula pakamwa pamene ukuwadina, kuti mnzako akakufunsa uzimuyankha ndi mawu, osati kumuuza kuti tayang'ana zala zanga.

Chaka chimene unabadwa, makwaya a matchalitchi athu anakumana ku Euthini. Panali nyimbo imodzi yoti kwaya iliyonse iimbe, oweruza azifananitsa. Ine ndinaikopera m'kope la mphunzitsi mnzanga. Ukudziwa mmene solofa imalembedwera: mzere woimirira umadula nyimbo m'zigawo, timadontho tiwiri timalekanitsa mabiti, kadontho kamodzi kamadula biti pakati, kamzere kogona kamati pitiriza kukoka noti yomweyo. Pamalo ena, pakati pa timadonthoto panalibe chilichonse, mabiti awiri athunthu. Ine ndinaganiza kuti cholembera cha mnzangayo chinadumpha, ndiye polemba pa bolodi ndinatsekapo. Tinaphunzira motero miyezi itatu. Ku Euthini tinapita pa lole, titavala yunifolomu yatsopano. Kwaya yoyamba itafika pamalo paja inakhala chete mabiti awiri. Ndinanong'oneza bambo ako kuti, "Aiwala." Yachiwiri inakhalanso chete. Yachitatu inateronso. Ife tinali achisanu. Ndinatulutsa anthu anga kuseri kwa tchalitchi n'kuwauza mothamanga kuti tikafika pakutipakuti tiime, tiwerenge kawiri. Sindinanene chifukwa chake. Titakwera kutsogolo, onse anakumbukira kupatula mayi mmodzi, NyaMoyo, alito wathu wamphamvu kuposa onse. Mawu ake anatuluka okha m'tchalitchi chodzaza, anthu n'kuseka. Tinakhala omaliza.

Pobwerera, NyaMoyo analira njira yonse, ndipo anzake sanamuyankhule. Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Bambo ako anandifunsa titafika kunyumba kuti, "NyaPhiri, kasi analemba pa bolodi ndi NyaMoyo?" Ndinawayankha kuti ndatopa. Panapita miyezi iwiri ndisanapite kwa mayiyo kukamuuza kuti cholakwa chinali changa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anati, "Yewo, asambizgi, ndapulika." Ndiko kuti zikomo, ndamva. Koma kukwaya sanabwerenso. Ndi mayi uja amagulitsa tomato pafupi ndi chipata cha msika, amene umati n'chifukwa chiyani ndimagula kwa iye yekha ngakhale tomato wake ali wamng'ono.

Pankhaniyi utengepo ziwiri. Choyamba, kukhala chete kumalembedwa, ndipo kumawerengedwa ngati noti ina iliyonse. Iwe ukaona mpata umathamangira kuudzaza ndi zala. Usamatero. Oimba akapuma, nthawi zina nawenso puma, phazi lokha lizigunda pansi. Ndipo dziwa ngati nyimbo ikuyenda mabiti atatu kapena anayi usanayatse ng'oma za m'kiyibodi zija, chifukwa ndinakumvapo ukukakamiza nyimbo ya mabiti atatu kuti ilowe mu anayi, agogo a mumpingo akupunthwa pa mawu. Chachiwiri, ukalakwitsa pagulu, nena pomwepo kuti ndine. Wa kiyibodi akalakwitsa, anthu ambiri amayang'ana woimba. Udzakhala ndi mpata wobisala. Usabisale.

Unali ndi zaka zinayi pamene ku polisi kuno kunabwera a Sajeni Kachingwe, ochokera ku Ntcheu. Asanabwere kuno ankaimba lipenga mu bandi. Ankapemphera nafe, ndipo tsiku lina anandipeza ndikufufuta bolodi n'kunena kuti, "Mayi, solofa mumaitha. Mukafuna ndikuphunzitseni sitafu, manoti a pamizere aja, Loweruka ndimakhala ndilibe ntchito." Ndinawathokoza n'kuwauza kuti ndimaidziwa kale. Zoona zake, tinaiphunzira masabata awiri okha kukoleji, ndipo ndinkakumbukira pang'ono za mizere yam'mwamba. Koma ine ndinali aphunzitsi a kwaya, sindikanakhala pansi kuphunzitsidwa ndi wapolisi anthu akuona. Patapita miyezi, mpingo unalandira buku la nyimbo la sitafu yokhayokha, ndipo abusa anasankhamo imodzi yoti tiimbe pa ukwati wa mwana wawo. Ndinapita nalo kunyumba n'kusandutsa manoti onse kukhala solofa. Soprano ndi alito zinatuluka bwino. Tena ndi besi ndinaziwerenga chimodzimodzi, osadziwa kuti mizere yam'munsi ili ndi mayina ena. Titaphatikiza mawu onse anayi, pena zinkagwirizana, pena zinkawombana. Ndinakalipira abambo kuti sakumvetsera. Bambo ako anati, "Tikuimba zimene mwalemba, mama, kweni apa sipakulowana." Ndinawabwereza kasanu.

A Kachingwe anali panja pa windo nthawi yonseyo. Anadikira anthu onse atuluke, kenaka analowa, natenga kamtengo ka machesi n'kuloza chizindikiro cha kumayambiriro kwa mizere. "Ichi chopiringizika ndi cha mawu okwera," anatero. "Mzere wapansi ndi E. Koma ichi chokhala ngati khutu ndi cha mawu otsika, ndipo mzere wapansi ndi G. Abambo anu onse mwawasunthira pakhomo la eni." Sanaseke, ndipo sanauze munthu. Loweruka lotsatira ndinapita kwawo ndi kope, iwe ndili nawe kudzanja. Ndinaphunzira miyezi inayi yokha, kenaka anawasamutsa. Ndikanavomera tsiku loyamba lija ndikanaphunzira chaka chathunthu. Mpaka lero sitafu ndimawerenga mochita kuloza ndi chala ngati mwana wa Sitandade 2.

Zochepa zimene ndinatolazo ndi izi. Mizere ndi isanu, mipata inayi, ndipo umawerenga kuyambira pansi. Ku mawu okwera, mizere ndi E, G, B, D, F, mipata ndi F, A, C, E. Ku mawu otsika, mizere ndi G, B, D, F, A. Dzanja lako lamanja limawerenga zam'mwamba, lamanzere zam'munsi. Noti yoboola pakati yopanda mwendo ndi mabiti anayi. Yoboola ya mwendo ndi awiri. Yakuda ya mwendo ndi imodzi, ndipo ikakhala ndi kamchira ndi theka. Kadontho kakakhala pambali pa noti, wonjezera theka la kutalika kwake. Zotsalazo ukafunse kumeneko. Ukakapeza munthu wodziwa, kaya ndi wamng'ono kwa iwe, kaya ndi mkazi, kaya akuyankhula chiyankhulo chimene sukuchimva bwino, ukamuuze kuti sindidziwa, ndiphunzitseni. Akakupatsa pepala, usakagwedeze mutu ngati wamva. Ndikubwereza, Wongani: usakagwedeze mutu.

Za kusamala zida sindichulutsa, unakulira m'shedi ya bambo ako. Unkawaona akumasula nsambo za gitala asanaipachike, akuletsa anthu kuitsamiritsa padzuwa, akuchuna kuyambira nsambo yaikulu: E, A, D, G, B, E. Unkawaona akuwamba ng'oma patali ndi moto, akuigogoda pang'onopang'ono mpaka ilire bwino. Koma sudziwa kuti kiyibodi yoyamba ya mpingo wathu ndinaiwotcha ndine. Tinapita nayo kumaliro kumudzi kopanda magetsi, tinanyamula batire la galimoto. Amene ankadziwa kulumikiza anachedwa, anthu akudikira, ndiye ndinati n'chiyani chovuta pamenepa. Waya wofiira ndinamuika kwa wakuda. Kunamveka kafungo ngati ka pulasitiki wopsa, basi. Mpingo unakhala zaka ziwiri wopanda kiyibodi. Choncho chida cha eni usachilumikize ndi adaputala imene sukuidziwa, ngakhale ikulowa bwinobwino. Werenga timalemba ta kumbuyo. Tsitsa voliyumu usanayatse ndiponso usanazimitse. Ukamaliza vindikira ndi nsalu, ndipo kapu ya tiyi isakhale pamwamba pake. Makutu akonso ndi chida. Usamaime kutsogolo kwa sipika, ndipo ngati sukumva mawu a mpingo, dziwa kuti wakweza kwambiri.

Pali nkhani ya agogo ako NyaTembo, amene uli nawo lero. Nditangokwatiwa, bambo ako ananditengera ku Edingeni nthawi yokolola. Madzulo amayi ankaimba akutonola chimanga, ndipo panali nyimbo ina ya apongozi angawo imene inandigwira mtima. Ndinatulutsa kope n'kuilemba. Polemba ndinaona kuti mulibe fa, mulibenso ti. Nyimbo yonse inkayenda pa manoti asanu: do, re, mi, so, la. Ndinaganiza kuti ndi kusaphunzira, kuti akudumpha masitepe chifukwa sawadziwa. Ndinaikonza. Ndinalowetsamo fa ndi ti, ndinawongola pamene mawu ankatsetsereka, ndinaipatsa mawu anayi ngati nyimbo ya m'buku. Pa Khirisimasi ndinabwera ndi atsikana anayi a kwaya kuti tiwaimbire. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenaka anati, "Yiweme, mkamwana. Kweni sumu iyi njinu, yane yayi." Ndiko kuti, ndi yabwino, mkazi wa mwana wanga, koma nyimboyi ndi yanu, si yanga. Anadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso ine ndili pafupi, mpaka iwe utabadwa, pamene ndinawamva akukuimbira kuseri kwa nyumba.

Pepala ntchito yake ndi kusunga nyimbo mmene ilili. Ukakumana ndi nyimbo ya eni imene sikulowa m'malamulo amene waphunzira, usathamangire kuikonza. Kumene ukupitako kuli mitundu yambiri, aliyense ndi kaimbidwe kake. Yamba wamvetsera nthawi yaitali.

Nkhani imeneyi ndaikumbuka mwezi wathawu, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba kalatayi. Ndinalowa m'tchalitchi Lachitatu kukatenga choko chimene ndinaiwala, kiyibodi ili yosavindikira. Ndinadina mabatani akuda asanu aja motsatana, osaganiza kanthu. Ndinamva do, re, mi, so, la. Ndinabwerezanso. Ndinaimba nyimbo ya agogo ako ija ndi chala chimodzi, yonse inakwana pa akuda okhaokha. Zaka zonsezi ndinkati umakakamira F shapu chifukwa cha ulesi. Sindinaganizepo kuti mwana amene anakula akumva nyimbo za ku Edingeni, atapatsidwa kiyibodi popanda womuphunzitsa, adzapita pamene nyimbo za kwawo zili. Pa Pasaka chaka chatha, pamaso pa kwaya yonse, ndinakuuza kuti si iwe woimba, ndiwe wodina mabatani. Unazimitsa kiyibodi n'kutuluka, ndipo kuyambira pamenepo umaimba Lamulungu ndi pamaliro pokha, kumaphunziro a kwaya subwera. Ndinalakwa, mwana wanga. Makiyi enawo uwaphunzirebe, pamenepo sindikusintha. Koma mawu aja sanali oona, ndipo ndinawanena pamalo olakwika. Lamulungu likubwerali ndikauza kwaya kuti ndinalakwa, ngakhale iwe udzakhala uli m'njira.

Yatsala nkhani imodzi, imene sindinauzepo munthu. Bambo ako ankapeka nyimbo. Ukudziwa zimenezo, unkaimba nawo m'shedi akupala matabwa. Solofa sankaidziwa, ankati timadontho timawazunguza mutu. Zaka zambiri ankandipempha kuti, "NyaPhiri, mundilembereko sumu zanga izi, mbwenu zikhale m'buku ngati za anzathu." Ine ndinkati tidzalemba pa holide. Holide ikafika ndinkati ndili ndi mayeso oti ndichonge. Zoona zake n'zakuti sindinkaziyesa nyimbo zenizeni. Zinali za m'shedi, zosayenda monga za m'buku, besi yake yoyendayenda ngati munthu wosochera. Tsiku lina anandibweretsera kope latsopano lachikuto cholimba, atalemba dzina lawo pachikuto ndi pensulo ya ukalipentala. Ndinalilandira n'kuliika m'kabati. Linakhala mmenemo zaka zisanu ndi chimodzi. Atadwala, sabata yomaliza ija kuchipatala, ndinapita nalo. Anayesa kuimba, mpweya unakana. Anangoti, "Zilekeni, mama. Wongani wakuzimanya." Anati iwe ukuzidziwa.

Udzanena kuti bwanji osangojambula pa foni. Zinajambulidwa. Zinali mu foni yawo ija inagwera m'chitsime chaka chimene anamwalira, ndipo palibe anazisunga pena. Komanso foni singauze alito kuti mzere wake ndi uti. Pepala limatha kukhala m'kabati zaka makumi atatu, munthu amene sanawaonepo bambo ako n'kulitsegula, n'kuimba zimene iwo ankaimba.

Zaka zitatu zapitazi ndakhala ndikulemba m'kope lija zimene ndikukumbuka, osakuuza, chifukwa cha manyazi. Bambo ako anapeka nyimbo zoposa khumi. Ine ndakumbuka zinayi. Zitatu ndamaliza, ndipo sindinakonzemo kanthu, ndalemba mmene ankaimbira ngakhale pamene sindikumvetsa. Yachinayi ndi ija ankaimba pokhoma mabokosi a maliro, yoyamba ndi mawu akuti "Ndilindeni pa jambuko." Ndiko kuti ndidikireni powolokera mtsinje. Mawu okwera ndili nawo onse. Besi ndili nayo mpaka pakati, kenaka yandithawa. Ndayesa kuipeka ndekha, koma ikutuluka ya m'buku, si yawo. Zigawo zisanu ndi zitatu zili zosalemba. Koma pa maliro a a Zimba a mumpingo mwathu mwezi wa June, anthu akuponya dothi, ndinamva dzanja lako lamanzere likuyenda pansipansi, ndipo inali yomweyo. Sindikudziwa ngati unkadziwa kuti ukuiimba.

Basi yako inyamuka teni koloko. Makiyi a tchalitchi ndatenga kale kwa a mlonda, ndipo ahedi andilola kuti mawa ndilowe mochedwa. Ndikupempha kuti tipite limodzi sikisi koloko, uimbe nyimbo imeneyi pang'onopang'ono, dzanja lamanzere lokha, ine ndizilemba. Uimbire mu F shapu momwemo. Sindikudula, sindikukonza, ndipo ndikafunsa kuti bwereza ndiye kuti ndine amene ndatsalira. Ngati m'zala zakomo muli zina mwa zimene ndaiwala, tilembe zimene nthawi itilole. Zotsalazo udzazilemba wekha ukadzaphunzira, n'kunditumizira.

Ngati mtima wako sunamasuke, sindikukakamiza, ndipo ndidzakuperekezabe kudepoti ndi kukunyamulira chikwama. Ukavomera, usavutike kundiyankha ndi mawu. Ungondigogodera pachitseko m'mawa, undipeza nditavala kale.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge kumene ukupitako.

Ndine mayi ako,
NyaPhiri